Siyofunika Kwenikweni

Ndili ndi zaka sikisite folo,
ndimakonza mabasi a sukulu ku Youngstown,
ndipo chichotsereni chotupa cha khansa
kunsi kwa chikhodzodzo changa,
thupi limagona ine ndikadali maso.

Dokotala Villaseñor anajambula kuseri kwa envelopu:
timachubu tiwiri, kapampu kobisika,
kathumba ka madzi amchere kuseri kwa fupa.
Ndinaona ngati mabuleki a basi.
Ndinati, izi ndiye ndikuzimva, adokotala,
ndakalamba ndikupopa zinthu.
Sanaseke. Anati, tiyambe taona mtima.

Anandimeta cheya cha pachifuwa malo asanu,
kumatapo timawaya,
n'kundiyendetsa pa lamba wosafika kulikonse
mpaka thukuta kamukamu.
Mtima unakhoza.
Shuga ndiye analakwa mayeso: naini ndi theka,
iwo akufuna osafika eyiti,
ati bala la munthu wa shuga limaitana mafinya.
Miyezi itatu ndinadutsa pa bekale ya a Kowalczyk
mawindo a galimoto ali chitsekere.
Fodya ndinamusiya Lachiwiri lina mu Januwale,
chipale chofewa chikukwirira paketi m'bini.

Kenako fomu ya inshuwalansi.
Munayesa mapilisi? Lembani mayina ndi masiku.
Munayesa jakisoni? Kangati? Chinachitika n'chiyani?
Kabokosi koyankhamo kakang'ono ngati sitampa.
Ndingalowetsemo bwanji usiku uja,
Marlys atakhala m'mphepete mwa bedi,
singano m'manja, magalasi pamphuno,
akuwerenga malangizo mokweza ngati kalata ya Paulo kutchalitchi,
mpaka tonse tinafa nazo nseko,
kenako iye kukalira yekha kubafa
atatsegula mpopi kuti ndisamve?
Ndinangolemba: sizinathandize.

Yankho linafika tsiku limodzi ndi bilu ya magetsi.
Pempho lanu lakanidwa.
Opaleshoniyi siyofunika kwenikweni pa umoyo wanu.
M'munsi mwake siginecha ya munthu
amene sanandionepo nditavula ngakhale chipewa.

Ndinaimba foni nthawi ya nkhomaliro,
ndili chagada pansi pa basi nambala 14.
Mphindi makumi anayi za piyano yobwerezabwereza,
kenako mawu a mtsikana, msinkhu wa mdzukulu wanga:
ndine Keondra, tikuthandizeni chiyani, bambo?
Lilime linauma. Anyamata a m'galaja anali pompo.
Ndinangotchula nambala ya nthenda yanga,
chilembo chimodzi ndi manambala anayi,
manyazi onse nditawapinda mmenemo.
Anati, chitani apilo, dokotala wanu alankhule ndi wathu,
masiku makumi atatu a ntchito.
Atatero anatsitsa mawu:
musatope, ambiri amathera pa kalata yoyamba.

Usiku Marlys anati, Lyle,
ine sindinakwatiwe ndi chiwalo.
Ndinati ndikudziwa.
Anati, nanga?
Ndinayang'ana kudenga, pomwe padadontha chaka chatha.
Ndatopa kukupsompsona ngati ndikukuperekeza ku depoti.
Sanayankhe. Anaika phazi lake lozizira pa mwendo wanga
ndipo silinachoke mpaka m'mawa.

Kalata yachiwiri inabwera mapulo ataphukira masamba.
Tavomereza.
Marlys anaimata pa firiji, pakati pa zojambula za adzukulu,
zolembazo zitayang'ana kuchitseko.
Ndinathamangira nayo kuchipatala osasamba girizi m'zala.
Mayi wa pa desiki anadinadina kompyuta,
nati, pepani, chikalata chanu cha mtima
chinatha mphamvu masiku asanu ndi anayi apitawo.

Ndiye ndi ine pano, malaya ali pa mpando.
Cheya chinali chitangomera bwino.
Namwino akugwedeza chitini cha thovu lometera,
akufunsa ngati ndinayendapo pa makina otere.
Ndikuti eya, njirayi ndikuidziwa.
Lamba wayamba kuyenda.
Kuseri kwa galasi Marlys wanyamula jekete langa
ndi theka la apulo, la ine ndikatsika.